Mpala wa Maliro

Bambo anga anamwalira mu Juni, ine ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndikuphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale ku Chegutu, tawuni ya pakati pa Harare ndi Kadoma. Kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Iwo anachoka ku Dedza ali mnyamata, nagwira ntchito pansi pa mgodi wina wa golide pafupi ndi Kadoma mpaka atakalamba. Atapuma anapeza kanyumba ku Waverley, dera lina la m'tawuni ya Kadoma, ndipo chifuwa cha fumbi chimene anatuluka nacho kumgodi ndicho chinawatenga. Tinawaika kumanda a m'tawuni, chifukwa mudzi wokawaikako tinalibe. Ku Dedza palibe mwana wawo ndi mmodzi yemwe amene anali atapondako.

Tsiku lachitatu m'mawa tinaitanidwa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpopi, kuti tikamete. Wometa anali mkulu wina, mnzawo wa bambo wa kumgodi, amene anabwera nawo limodzi kuchokera kumudzi. Anali atakhala pa ndowa yovundikira, pambali pake pali sopo ndi malezala atsopano. Amayi anali atametedwa kale ndi azimayi anzawo m'nyumba. Achimwene anga, amene ankagwira ntchito kufakitale ya nsalu ku Kadoma komweko, anangovula malaya n'kukhala pansi. Sizinatenge nthawi. Anadzuka, nasisita mutu, nandisuntha ndi chigongono.

Ine tsitsi langa ndinkalikonda. Linali lalitali, lozungulira bwino, ndipo ndinkayenda ndi chipeso cha mano achitsulo m'thumba lakumbuyo. Koma chimene chinandiimika pamenepo si chimenecho ayi. Panali mtsikana amene ndinkafuna kumukwatira, Mshona, wogwira ntchito yotayipa mu ofesi ina ku Chegutu. Tinali titapangana kale kuti Loweruka la sabata yachiwiri akandionetse kwa azakhali ake, amene iwo amati tete. Kwa Ashona mnyamata amayamba waonekera kwa tete, ndipo tete akakukana nkhani imakhala yovuta.

“Agogo,” ndinatero, “bwanji mungodulako pang'ono kutsogoloku? Kuntchito kuja amavuta.”

Mkuluyo anandiyang'ana, lezala lili m'manja. “Anamwalira pang'ono bambo ako?”

Achimwene anaseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe. “Khala pansi iwe, mphunzitsi. Tsitsi limamera.”

Ndinakhala. Madzi anali ozizira kwambiri ndipo lezala linkalira pakhungu. Tsitsi linkagwera pamiyendo panga m'zibuluma zonyowa, lambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Mkulu uja atamaliza anandigwira pachipumi, natembenuzira mutu wanga uku ndi uku, nati, “Mutu wa malemu weniweni.” Tsitsi lonse, langa ndi la achimwene, analikulunga m'nyuzipepala n'kupita nalo. Kumene anakalitaya sindinafunse.

Chinthu choyamba chimene munthu amaphunzira akametedwa mpala ndi mphepo. Sindinkadziwa kuti ku Waverley kumawomba mphepo yochuluka chotere. Ndinkaimva ngakhale m'nyumba, wina akangotsegula chitseko. Dontho la madzi lochokera padenga linkandidzidzimutsa ngati mwala. Pogona, mutu unkakanirira pansalu ya pilo. Dzanja langa linkapita lokha kuthumba lakumbuyo kukatenga chipeso, ndipo kangapo ndinachitulutsa ndithu ndisanakumbuke.

Lamlungu ndinakwera basi kubwerera ku Chegutu. Mayi wina amene ndinakhala naye pampando anali ndi khanda pamiyendo. Anandiyang'ana kangapo, kenako anandigwira mkono mwaulemu.

“Madzibaba,” anatero m'Chishona, “mwanayu liwombo lalowa. Mungamupempherereko?”

Anandiyesa mmodzi wa Apositoli aja ometa mpala ndi kuvala zoyera. Ndinamuuza kuti sindine, ndine mphunzitsi chabe. Anachita manyazi, nanenso ndinachita manyazi. Nditatsika ndinalowa m'sitolo ya pafupi ndi pokwerera mabasi n'kugula chipewa cha ubweya chofiirira.

Kusukulu aphunzitsi aakulu anandipepesa bwinobwino, koma anati chipewa m'kalasi ayi. Ana a giredi yachisanu atandiona anabisa nkhope m'mabuku. Mmodzi kumbuyo ananong'oneza kuti aphunzitsi achokera kundende, kalasi yonse n'kuphulika. Ndinayembekeza kuti athe, kenako ndinawauza kuti bambo anga amwalira. Anakhala chete tsiku lonse, chete wosautsa kuposa kuseka kuja. Ndikatembenukira kubolodi ndinkamva maso awo onse ali pankhongo panga.

Zimenezi ndikanatha kuzipirira. Chimene chinandilowa m'mtima chinachitika pa nthawi ya tiyi. Mphunzitsi mnzanga wina, munthu wabwino ndithu, anandigwira dzanja kundipepesa, nafunsa kuti maliro tinakaika kuti.

“Ku Kadoma.”

“Dera liti? Kumusha kwanu ndi kuti kodi?” Kumusha ndiye kumudzi kwa makolo, ndipo Mshona aliyense amakhala nako.

“Ayi, m'tawuni momwemo.”

“M'tawuni?” Anaima kaye. “Oho.”

Anathira shuga m'kapu n'kuyamba nkhani ya mpira. Koma ine “oho” ameneyo ndinkamudziwa kuyambira ndili mwana. Munthu woikidwa kumanda a m'tawuni masiku amenewo ankadziwika kuti ndi wobwera. Ankatitcha mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ngakhale bambo ku Blantyre sanafikeko n'kamodzi komwe. Ine Chishona changa chinali chopanda banga, ndipo dzina la bambo limene kalaliki wa kumgodi analemba molakwika silinkaulula kanthu. Sindinanamepo kuti ndine Mshona. Ndinkangosiya anthu aganize zimene akuganiza. Tsopano mutu wanga unkaitana mafunso, ndipo funso lililonse linkatsogolera ku lina mpaka kukafika kumanda aja.

M'kachipinda kanga munali kagalasi kakang'ono kometera ndevu. Masiku oyambawo ndinkakapewa. Tsiku lina ndinayang'anitsitsa, ndipo ndinaona zimene mkulu uja ananena. Makutu otuluka aja, kakhwawa kapakati pamutu, ngakhale makwinya awiri a pankhongo amene ndinawamva ndi zala, zonse zinali za bambo. Iwo ankameta mpala moyo wawo wonse chifukwa cha chisoti cha kumgodi. Ndili mwana ndinkawaona akusamba m'beseni pakhomo, mutu uli gwa, madzi akuyenderera m'makwinya omwewo. Ndinakhala pabedi nthawi yaitali. Kumaliro sindinalire kwambiri, koma tsiku limenelo ndinalira, ndipo ndinachedwa kusukulu.

Mtsikana uja ankadziwa zonse za ine. Kumaliro anabwera, anagona pansi ndi azimayi, natunga madzi, naphika nawo sadza, nsima ya kuno, m'migolo. Amayi anamukonda. Za kwathu mtsikanayo anali atandipempha kalekale kuti tisafulumire kuzinena kwa abale ake. Bambo ake anali atanenapo kuti mwana wawo sangamupereke kwa munthu wopanda kumusha, chifukwa adzukulu awo adzaikidwa kuti. Iye ankati tete ayambe wandikonda kaye, zinazo tidzanena pambuyo, tete yemweyo ndiye adzafewetse bambo.

Lachinayi tinakumana potuluka kuntchito kwake. Anandivula chipewa pamsewu pomwepo, nandiyang'ana, naseka pang'ono.

“Sukuoneka moipa. Ukuoneka wamkulu.”

“Tisinthe tsiku,” ndinatero. “Tidikire limere.”

“Tete wakonzeka kale. Tikasintha adzati ndiwe wamasewera. Ukangonena kuti wafedwa, ndani sangamvetse?”

Ndinavomera. Za mphunzitsi mnzanga uja sindinamuuze.

Tete ankakhala ku Chinengundu, dera la ku Chegutu komweko, m'kanyumba kopaka laimu kokhala ndi mtengo wa mapeyala pakhomo. Tinafika masana. Ndinavala jekete ndi tayi, chipewa chili kumutu mpaka pachitseko, pamene ndinayenera kuchivula. Tsitsi linali litangoyamba kudetsa khungu, losatha kubisa kanthu. Ndinakhala pampando umene anandilozera, ndinaomba m'manja monga amachitira amuna a Chishona, chipewa ndachipanikiza pakati pa mawondo.

Anali mayi wonenepa, wa maso akuthwa, wosachedwa kuseka. Tinalonjerana, nafunsa za ntchito, nayamikira kuti ndine mphunzitsi. Mtsikana uja anapita kukhitchini kukakonza tiyi, chitseko chili chotsegula. Kenako tete analoza mutu wanga ndi chibwano.

“Nanga uku? Musandiuze kuti ndinu wa kwa Apositoli. Mwana wa mchimwene wanga sangakakhale pansi pa mtengo dzuwa lonse.”

“Ayi, tete, sindine.”

“Mwafedwa kapena?”

Yankho linali lokonzeka, ndinali nditalibwereza m'njira monse. Koma nditatsegula pakamwa ndinamva mafunso otsatira akubwera, ndani, mwaika kuti, m'tawuni bwanji. Ndinaona nkhope yosekayo ikutsekeka.

“Ayi, tete. Ndinali ndi chipere. Kuchipatala anati ndimete.”

“Aa, cha ana a sukulu chimenecho, amapatsirana. Muzipaka mafuta. Nanga makolo ali bwanji?”

“Ali bwino.”

“Onse awiri alipo? Bambo akadali ndi mphamvu?”

“Alipo,” ndinatero. “Chifuwa chokha ndicho chimawavuta.”

Sindikudziwa chifukwa chimene ndinawonjezera za chifuwazo. Mwina ndinkafuna kuti m'bodzamo mukhale kanthu kena koona. Mtsikana uja anali ataima pakhomo la khitchini, thireyi ili m'manja. Anaiika patebulo pang'onopang'ono, nagwada, natithirira tiyi osandiyang'ana.

Zotsalazo zinayenda bwino kwambiri, ndipo ndicho chimandipweteka. Tete anafunsa kwathu, ndinati makolo amakhala ku Kadoma, iye n'kuyamba kusimba za msuweni wake wa ku Muzvezve, kufupi ndi Kadoma, funso la kumusha n'kuiwalika. Anandidyetsa nkhuku. Anati ndine mnyamata waulemu, ndikauze bambo ayambe kufuna munthu wodzayenda pakati pa nkhani ya ukwati. Potsanzikana analowa kuchipinda n'kutuluka ndi kaphukusi ka masamba ouma a zumbani, amene amawiritsa ngati tiyi.

“Mukawapatse bambo. Aziwiritsa m'mawa ndi madzulo, chifuwa chimamasuka.”

Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinathokoza.

Mtsikana uja anandiperekeza. Tinadutsa azimayi ogulitsa tomato, tinadutsa ana osewera mpira wa mapepala. Titafika pamphambano anaima.

“Ndinati tisanene za Malawi,” anatero. “Sindinati uwadzutse bambo ako.”

“Akanafunsa kumene tinawaika.”

“Ukanati ku Kadoma.”

“Kenako? Ukudziwa chimene chimabwera pambuyo pake. Iwe sunayambe wachimvapo, ine ndachimva moyo wanga wonse.”

“Ine ndinaponya dothi m'manda amene aja.” Mawu ake anali otsika. “Ndinagwira amayi ako pamene anagwa. Lero ndagwada n'kuthira tiyi ndikumva kuti bambo ali ndi chifuwa. Wandinamitsa nane.”

“Ndiwe unayamba zobisazi.”

Ndinanena zimenezo, ndipo zinali zoona ndithu, koma sinali nthawi yake. Anandiyang'ana kumutu, kumene ndinali nditabwezerako kale chipewa, natembenuka kubwerera kwa tete. Ine ndinapita kwathu ndi kaphukusi kaja m'thumba la jekete. Kutaya ndinalephera, kusunga ndinalepheranso. Kanakhala pawindo masabata angapo mpaka tsiku lina ndinakasesera limodzi ndi zinyalala.

Patapita sabata mtsikana uja anakaulula zonse kwa tete, za imfa ndi za Malawi zomwe. Anati sakanatha kudikira tsiku limene anthu adzafunse kuti bambo a mnyamata ali kuti. Uthenga umene unabwera unali waufupi. Tete anati munthu amene angakane maliro a bambo ake omubereka, atakhala pampando wake, akudya nkhuku yake, asadzapondenso pakhomo pake.

Ndinamufunsa mtsikanayo ngati chifukwa chenicheni chinali chimenecho, kapena chinali cha kwathu chija.

“Sindikudziwa,” anatero. “Mwina zonse. Koma wamupatsa chifukwa chimene angachinene pagulu osachita manyazi.”

Tinapitiriza kuonana mwina miyezi iwiri. Tinkakhala pabenchi pafupi ndi positi ofesi, kukamba za ntchito ndi za mitengo ya zinthu. Panalibe kukangana. Tsiku lina sanabwere, ndipo ine sindinapite kukamufuna. Chaka chotsatira ndinamva kuti anapeza ntchito ku Harare.

Chichokereni kumaliro, ku Waverley ndinakhala mwezi wathunthu osapitako. Nditapita ndinapeza achimwene pakhomo akukonza njinga, mutu uli mbee padzuwa. Anali atametanso. Anati aona kuti n'zopepuka, thonje la kufakitale silikakamiranso m'tsitsi. Anzawo kuntchito ankawatcha mkaidi, mlonda wa pageti ankawachitira sawatcha mwachipongwe, iwo osasamala.

“Akafunsa ndimawauza kuti bambo anafa. Akafunsa zina ndimawauzanso. Nanga andichotsa khungu?”

Ndinakhala pa njerwa pafupi nawo n'kuwauza zonse, kuyambira pa chipere mpaka pa masamba. Sindikudziwa chimene ndinkayembekeza. Tili ana ankandimenya pa zinthu zazing'ono kuposa izi. Anapitiriza kupukuta tcheni ndi kansanza mpaka ndinamaliza.

“Unati ali ndi chifuwa?”

“Inde, achimwene.”

Anazunguza pedulo, gudumu n'kulira kanthawi. “Amayi asamve zimenezi. Wamva? Ngakhale tsiku limodzi.”

Nkhaniyo sanaitchulenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Koma kuyambira pamenepo anasiya kunditcha mphunzitsi. Dzina limenelo ankanditcha mondiseka, ndipo sindinkadziwa kuti ndidzalisowa.

Amayi anali m'nyumba, atavala zakuda, duku lili kumutu. Anandiuza ndiwerame, nayendetsa chikhatho pamutu panga. Tsitsi linali litamera ngati udzu wongophuka kumene.

“Lako likufulumira,” anatero. “Langa likukana. Nanga mwana uja ali bwanji? Anagwira ntchito pamaliro paja, anthu onse ankafunsa kuti ndi wa kwa yani. Kwa azakhali ake munapita?”

“Tinapita, amayi.”

“Anakulandira?”

“Anandilandira bwino.”

“Zikomo. Bambo ako akanakondwa.”

Achimwene anali ataima pakhomo, manja ali bii ndi girisi. Ndinawayang'ana, iwo anayang'ana kunja. Miyezi yotsatira amayi ankafunsabe, ine n'kumayankha kuti watanganidwa, kenako kuti anamusamutsa. Pomaliza anasiya okha kufunsa. Ngati anazindikira kanthu, sanandiuze.

Tsiku la ulendo womwe uja, pondiperekeza kokwerera basi, achimwene anati Loweruka lotsatira ndibwerenso. Pamanda panali kachitsulo ka nambala kokha, ndipo iwo anali atapeza chidutswa cha lata kufakitale, mnzawo wina n'kuwawotcherera pa kamtengo kachitsulo. Chinkafunika kulembedwa.

“Dzanja langa ukulidziwa,” anatero. “Udzalembe ndiwe.”

Ndinabwera. Tinapita awiriwiri m'mawa, iwo atanyamula chikwangwanicho paphewa, ine kachitini ka penti yoyera ndi kaburashi. Manda anali atawonjezekera mizere iwiri kuchokera pamene tinaika bambo, moti tinayamba tasochera. Mulu unali utatitimira mbali imodzi. Ndinagoneka lata pansi, ndinagwada, iwo n'kumanditchulira zolemba ataima kumbuyo kwanga. Dzina. Chaka chomwalira. Chaka chobadwa sitinkachidziwa, tinachisiya.

“Pansi pakepo lemba kuti anabadwira ku Dedza, Malawi.”

Ndinali nditalemba zilembo zoyambazo zikuluzikulu, malo otsala anali ochepa. Mawu omalizawo anapanikizana, chilembo chomaliza n'kupendekera m'mphepete, penti n'kuyenderera pang'ono. Ndinati tifufute ndiyambirenso.

“Zisiye. Zikuwerengeka.”

Anakhomera chikwangwanicho ndi mwala kumutu kwa manda. Tinazula udzu pang'ono, tinakweza dothi kumbali imene inatitimira. Kenako anatola chitini chija n'kuyamba kuyenda. Pobwerera njira yonse iwo anali patsogolo, ine pambuyo, ndipo titafika pamsewu waukulu anandiuza kuti ndingokwera basi pomwepo, amayi akawauza okha kuti ndinali ndi changu.